Kwatsala miyezi inayi: kodi mtsogoleri wotsala pang'ono kuchoka akhale bwanji pakati pa anzake?

Madalitso

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pamodzi ndi inu makolo athu amene munatsogolera gulu lathu la mapemphero la ophunzira m'zaka zapitazo, landirani moni kuchokera kuno ku yunivesite ku Chirunga, mu Zomba. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masabata atatu, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuiulula pamaso panu kusiyana ndi kupitiriza kuoneka ngati zonse zili bwino. Monga mukudziwa, ndakhala wapampando wa gulu lathu la mapemphero kwa chaka chathunthu, ndipo kwatsala miyezi inayi kuti ndilembe mayeso omaliza n'kuchoka mu Zomba. Vuto langa ndi lakuti thupi lidakali pano koma mtima unanyamuka kale.

Lachitatu la sabata yatha, pa nthawi yophunzira Mawu, m'bale wina wa chaka choyamba ankafotokoza za matenda a mayi ake kumudzi, ndipo ine ndinkagwedeza mutu ngati ndikumvetsera, pamene maganizo anga onse anali pa kalata yofunsira ntchito imene ndinali ndisanamalize kulemba. Atamaliza anandipempha kuti nditsogolere pemphero, koma ndinapemphera mozungulira, osatchula matendawo, chifukwa sindinamve chimene mayiwo akudwala. Usiku umenewo ndinatsikira ku Chikanda ndili ndi manyazi aakulu. Kafukufuku wanga wa chaka chomaliza akufuna nthawi, makolo akufunsa kuti ndikapita kuti ndikamaliza, ndipo misonkhano ya komiti yayamba kundilemera. Ndiye ndikufunsa: kodi ndipereke udindowu tsopano kwa wina amene mtima wake uli pano, kapena ndikhalebe mpaka chisankho? Ngati ndikhalebe, kukhala kokhulupirika n'kotani kwa munthu amene akudziwa tsiku lake lonyamuka?

Yamikani

M'bale Madalitso, ndikuthokozani chifukwa chosabisa. Ine ndinachoka ku Zomba zaka ziwiri zapitazo, ndipo ndiyankhula mosapita m'mbali: perekani udindowo msanga. M'chaka changa chomaliza ndinakana kusiya ulembi chifukwa ndinkaganiza kuti kusiya ndi kuthawa mtanda. Ndinkakonza maulendo okalalikira ku masekondale, kulemba makalata, kutsogolera mapemphero a usiku wonse, ndipo zotsatira zake ndinalephera phunziro limodzi n'kulemba mayeso obwereza. Bambo anga anagulitsa chimanga chimene banja linayenera kudya kuti ndibwerere kudzalemba, ndipo sindidzaiwala nkhope yawo tsiku limenelo. Makolo athu sanatitumize ku Zomba kuti tidzakhale apampando, ndipo ambiri a ife tili ndi ngongole ya boma ya maphunziro imene ikutidikirira. Kukhoza mayeso nakonso ndi umboni, chifukwa anzathu osapemphera amayang'ana ngati anthu a Mulungu amagwira ntchito imene anabwerera.

Mayi Nachisale

Ana anga, ndawerenga mawu a Madalitso kawiri, ndipo ndikuona kuti funso lake si la mpando kwenikweni. Akhoza kupereka mpandowo mawa, koma Lachitatu likubwerali adzakhalabe pakati pa anzake ndi mtima womwewo umene unanyamuka kale. Yamikani wanena zoona zokhudza maphunziro, ndipo ine monga mphunzitsi sindingatsutse, koma matenda amene Madalitso waulula sachizika ndi kalata yotula pansi udindo.

Kuno kwathu kumene ambiri timatsata chikamwini, timadziwa bwino za mkamwini amene mumtima mwake anatsimikiza kuti pamudzipo sadzakhalitsa. Munthu wotere amalima chimanga chifukwa chimacha chaka chomwecho, koma sabzala mango, sakonza khola lolimba, ndipo denga likayamba kudontha amangosuntha mphasa. Aliyense pamudzipo amaona, ngakhale iye sananene kanthu. Ana a Israeli atatengedwa kupita ku Babulo anali ndi mtima womwewo, makamaka chifukwa mneneri wonama Hananiya anali atalengeza kuti pasanathe zaka ziwiri zonse zidzabwerera m'malo mwake, monga tiwerenga pa Yeremiya 28. Koma kalata imene Yeremiya anawatumizira, imene ili m'mutu 29, inawauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatiwa, ndiponso apempherere mtendere wa mzinda umene anali akapolo, ngakhale kuti Mulungu yemweyo analonjeza kudzawatulutsa patapita zaka 70. Anthu odziwa kuti adzachoka analamulidwa kukhala ngati okhazikika. Mneneri yemweyo anagula munda ku Anatoti pa nthawi imene Yerusalemu anali atazingidwa ndi adani, ndipo anasunga makalata a mundawo mumphika wadothi kuti akhalitse.

Mwana wanga Madalitso, mango ako ndi ophunzira a chaka choyamba aja. Sudzadya zipatso zawo, ndipo mwina ena adzaiwala dzina lako, koma miyezi inayi ndi yokwanira kubzala ndi kuthirira.

Tiyamike

Ndikupempha kuti ndiyankhulepo monga mmodzi wa otsala, popeza ndili m'chaka chachitatu ndipo zimene atsogoleri athu adzasiye ndife tidzazisenze. Achimwene a Madalitso, chimene tikufuna kwa inu m'miyezi imeneyi si maulaliki ambiri. Tikufuna kuti mutionetse mmene zinthu zimayendera mukadali pafupi. Komiti ina m'mbuyomu inachoka osasintha maina a osayinira ku banki, ndipo gulu linakhala pafupifupi semesita yonse osatha kutapa ndalama zake zomwe, mpaka tinachita kutumiza mapepala kwa munthu amene anali atayamba kale ntchito ku Mzuzu. Makiyi a chipinda chosungiramo zokuzira mawu anapezeka m'chikwama cha munthu amene anali atafika kale kwawo. Izi zimaoneka zazing'ono, koma zimafooketsa komiti yatsopano isanayambe n'komwe.

Komabe chachikulu si makiyi. Muli ndi maina m'mutu mwanu amene palibe wina akuwadziwa: amene anasiya kubwera chifukwa chosowa fizi, amene akulimbana ndi mowa, amene anabwera kwa inu usiku kudzaulula zinthu zolemera. Sindikunena kuti muulule zinsinsi zawo, koma mukhoza kupempha chilolezo kwa aliyense wa iwo kuti mumulumikize ndi m'bale kapena mlongo wina wodalirika amene akhalepo chaka chamawa.

Ndiyeneranso kukuuzani chinthu chimene mwina simunachidziwe. M'bale wa chaka choyamba uja anazindikira kuti simunamve zimene ananena. Sanadandaule mokweza, koma anandiuza kuti mwina nkhani za kumudzi kwawo si zofunika kwa anthu otanganidwa, ndipo Lamlungu sanabwere ku mapemphero. Ndanena izi osati kuti ndikuwonjezereni manyazi, koma chifukwa ndikudziwa kuti mungafune kudziwa.

Madalitso

Mlongo Tiyamike, mawu anuwo andilasa, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Sindinadziwe kuti sanabwere Lamlungu, ndipo kusadziwa kwangako kukuonetsa poyera chimene ndikudandaula. Chaka chatha ndikanazindikira mpando wopanda munthu nyimbo yoyamba isanathe.

Limbani

Popeza nkhani yafika poulula, nanenso monga msungichuma ndiulule yanga. Kwa mwezi wathunthu komiti yathu yakhala ikukambirana za msonkhano waukulu wa masiku atatu umene tikufuna kuchita tisanachoke, woitana alaliki ochokera ku Blantyre ndi Lilongwe, wokhala ndi makwaya, malaya osindikizidwa ndi zikwangwani kuyambira pa Mpondabwino mpaka ku Chinamwali. Nditawerengera ndalama zoyendera alendo, malo awo ogona, chakudya ndi zida zoimbira, ndapeza kuti msonkhanowu udzatha zonse zimene zili m'thumba, ndipo udzasiyira komiti yatsopano ngongole. Ndakhala chete chifukwa ndinkaopa kuoneka ngati wopanda chikhulupiriro. Koma ndikadzifunsa moona mtima chifukwa chimene tikuufunira msonkhanowu, yankho limene ndikupeza ndi lakuti tikufuna kuti anthu adzatikumbukire. Pamene tikukangana za mtundu wa malaya, ulendo wathu wa mwezi ndi mwezi wokaona odwala ku Zomba Central Hospital walephereka kawiri, ndipo abale a ku ndende sitinawayendere chiyambire semesita ino. Mtima wonyamuka uli ndi nkhope ziwiri: wina amazilala, wina amafuna kuchita chinthu chachikulu chomaliza, koma onse awiri asiya kuyang'ana anthu amene ali patsogolo pawo.

Yamikani

M'bale Limbani wanena zolondola za msonkhanowo, ndipo ndikugwirizana naye kuti uchepetsedwe. Koma ndikuona kuti mfundo yanga ikukwiririka. Tonse tikumusenzetsa Madalitso katundu wina: ayendere uyu, alumikize uyo, aphunzitse komiti, apite ku chipatala. Nanga kafukufuku wake alemba nthawi yanji? Tsiku lopereka kafukufukuyo silisuntha chifukwa munthu anali ku mapemphero. Ndikuopa kuti tikhoza kumutamanda lero chifukwa cha kukhulupirika, koma dzina lake likadzasowa pa mwambo wolandira madigiri mu Great Hall, tonsefe tidzakhala chete ndipo adzalira yekha ndi makolo ake.

Abusa Phiri

Mtendere ukhale nanu nonse. Yamikani asasiyidwe yekha, chifukwa chenjezo lake ndi la munthu amene anapsa ndi moto womwewo. Komanso sindikuganiza kuti iye ndi Mayi Nachisale akutsutsana monga zikuonekera. Tiyeni tione mmene mtumwi Paulo anachitira pa Machitidwe 20. Iye anali pa ulendo wofulumira, akufuna kukafika ku Yerusalemu pa tsiku la Pentekoste, ndipo anasankha dala kulambalala Efeso kuti asataye nthawi ku Asiya. Apa tikuona munthu wodziwa kuti nthawi yake ili ndi malire, amene sanachite manyazi kukana kupita kumene ankakondedwa kwambiri. Koma atafika ku Mileto anatuma mthenga kukaitana akulu a mpingo wa ku Efeso, ndipo kwa iwowo anapereka mtima wake wonse. Anawakumbutsa za zaka zitatu zimene anawachenjeza usana ndi usiku ndi misozi, anawauza za mimbulu imene idzabwera iye atachoka, anawapereka m'manja mwa Mulungu, kenako anagwada nawo n'kupemphera, ndipo analira pamodzi. Sanaone mpingo wonse, anaona ochepa amene adzanyamule ena.

Chotero, mwana wanga Madalitso, kukhalapo mokhulupirika sikutanthauza kupezeka paliponse. Chepetsa malo amene ukupezeka, koma pamene wapezekapo ukhalepo wathunthu. Ola limodzi lomvetsera ndi makutu onse awiri, foni ili m'thumba, limaposa misonkhano isanu imene wakhalapo ndi thupi lokha. Ukakhala mu laibulale, lemba kafukufuku wako ndi mtima wosadzitsutsa, pakuti imeneyonso ndi ntchito imene unapatsidwa. Chimene chikukutopetsa tsopano n'chakuti ukakhala pa mapemphero ukuganiza za mabuku, ndipo ukakhala pa mabuku ukudziimba mlandu chifukwa cha mapemphero, mapeto ake palibe mbali imene ikulandira munthu wathunthu.

Pali chithunzi china chimene ndimachikonda pa Machitidwe 28. Chombo chitasweka, Paulo anapezeka pa chilumba cha Melita, malo amene sanakonze zopitako ndipo anangokhalako miyezi itatu podikira nyengo yabwino yopitira ku Roma. Munthu amene anali ndi mlandu wokaonekera kwa Kaisara anatola nkhuni n'kuika pamoto kuti anzake awothe, kenako anapempherera bambo a Popliyo amene ankadwala malungo ndi kamwazi, ndipo odwala ena a pachilumbapo anabweranso. Miyezi yake inali yochepa kuposa yako.

Za mpando, malangizo anga ndi akuti usautule mwadzidzidzi ngati wothawa, komanso usaugwiritsitse. Mose anaimika Yoswa pamaso pa wansembe Eleazara ndi khamu lonse n'kumusanjika manja iye akadali ndi moyo, monga zalembedwa pa Numeri 27. Ngati malamulo a gulu lanu akulola, chisankho chichitike msanga, kuti atsopano ayambe kutsogolera inu mukadali pamenepo, ndipo akalakwitsa akhale ndi wofunsa.

Thokozani

Ndikufuna kuwonjezera chinthu chimodzi kuchokera pa zimene zinatichitikira ife. Ndinali m'komiti m'chaka cha 2020, ndipo tinkaganiza kuti tili ndi nthawi yokwanira yokonzekera kusiyira anzathu. Tinali titagwirizana kuti nkhani zonse zophunzitsa otsatira tidzaziyamba mayeso a pakati pa semesita akadutsa. Pa 23 March chaka chimenecho sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha COVID-19, ndipo tinabalalika m'masiku ochepa, aliyense atanyamula chikwama chake kupita kokwerera basi. Panali mlongo wina amene ndinkafuna kukambirana naye chifukwa ndinaona kuti chikhulupiriro chake chikugwedezeka, koma ndinkangoti ndidzamuona sabata yamawa. Sukulu itatsegulidwanso iye sanabwerere, ndipo nambala yake inasiya kugwira. Mpaka lero ndimamupempherera, koma mwayi wokhala naye pansi sunabwerenso. M'bale Madalitso, mukunena kuti kwatsala miyezi inayi, koma imeneyo ndi ya pa kalendala ya sukulu, ndipo tonse amene tinaphunzira pano tikudziwa kuti kalendala imasintha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati pali munthu woti mumuone, muoneni sabata ino.

Bambo Mbewe

Zidzukulu zanga, ine ndinafika ku Chirunga patangopita zaka zochepa koleji ya Chancellor itasamuka kuchoka ku Chichiri mu Blantyre m'chaka cha 1973, ndipo ndinaona ndi maso anga maofesi a boma akusamukira ku Lilongwe pamene likulu linachoka kuno mu 1975. Zomba ndi mzinda wozolowera kutsazika. Asilikali, apolisi, aphunzitsi a ku Domasi, ophunzira zaubusa ndi inu a ku yunivesite, onse amabwera, amakhala zaka zowerengeka, n'kupita. Komabe ntchito ya Mulungu pakati pa ophunzira sinaime. Bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM linayamba mu 1961, dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo palibe wophunzira ngakhale mmodzi amene walinyamula zaka zonsezi. Aliyense ananyamula zaka zake zitatu kapena zinayi n'kupatsira wina, monga Paulo anauzira Timoteo kuti zimene anamva azipereke kwa anthu okhulupirika amene adzathe kuphunzitsanso ena.

Chimene ndikufuna kuchenjeza ndi mbali ina imene sinatchulidwe mokwanira. M'nthawi yathu munthu akachoka ankachokadi, chifukwa kalata inkatenga masiku kuti ifike, ndipo otsala ankakakamizika kuima paokha ndi kudalira Mulungu. Masiku ano ndimaona atsogoleri akale akulamulirabe gulu kudzera pa WhatsApp ali ku Lilongwe, akutsutsa mlaliki amene komiti yasankha, akufunsa chifukwa chimene nyimbo zasinthira, ndipo wapampando watsopano amakhala ngati mwana wosungira akuluakulu mpando. Nthawi zambiri amene amachita zimenezi ndi omwe aja sanakhalepo ndi mtima wonse pamene nthawi inali yawo, ndiye akufuna kulipira ngongoleyo mochedwa. Davide anauzidwa kuti si iye amene adzamange kachisi, ndipo chimene anachita ndi kusonkhanitsa miyala, mitengo ya mkungudza, chitsulo ndi mkuwa, n'kumusiyira Solomo kuti amange. Mdzukulu wanga, pereka zonse tsopano, kuti tsiku lokwera basi likadzafika udzachoke ndi manja opanda kanthu, ndipo pambuyo pake uzidzayankha pokhapokha akakufunsa.

Tiyamike

Agogo a Mbewe, mwatiyankhulira zimene ife achinyamata timaopa kunena. Ndiwonjezere kuti ifenso otsala tili ndi mbali yathu. Takhala tikusiyira achimwene a Madalitso chilichonse, ngakhale kutsegula chipinda ndi kuyala mipando, chifukwa tinazolowera kuti iwo amafika poyamba. Ndayankhula ndi anzanga atatu a chaka chachiwiri ndi chachitatu, ndipo tagwirizana kuti kuyambira sabata ino titenge ulendo wa ku chipatala ndi kukonza malo a mapemphero a Lachitatu. Tikupempha kuti ulendo woyamba atiperekeze, atidziwitse kwa anamwino amene amatilandira ndi kutionetsa mmene amapemphera ndi odwala mosawatopetsa, kenako atisiye tiziyenda tokha.

Yamikani

Ngati zili choncho, nkhawa yanga yachepa, ngakhale sinathe. Ndikupempha chinthu chimodzi chokha, kuti pakhale munthu amene azimufunsa Madalitso za kafukufuku wake mlungu uliwonse, monga momwe timafunsirana za moyo wa mapemphero. Ngati palibe wina, ndidzipereka ine. Ndiziimba foni Loweruka lililonse madzulo, ndipo ndizifuna kumva kuti masamba angati alembedwa, osati kuti zikuyenda mwa chisomo.

Madalitso

Makolo ndi abale anga, ndakhala chete masiku awiri chifukwa ndinafuna kuchitapo kanthu ndisanayankhe. Dzulo madzulo ndinapita kumene m'bale uja amagona. Poyamba anandilandira mwaulemu koma motalikira, ndipo nditamuuza mosabisa kuti tsiku lija sindinamvetsere ndipo ndabwera kudzapepesa, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anafotokozanso zonse kuyambira pachiyambi. Mayi ake ali ndi matenda a shuga, bala la kuphazi likukana kupola, ndipo iye monga mwana woyamba wakhala akuganiza zosiya sukulu kuti akawasamalire. Tinakhala mpaka mdima, ndipo ulendo uno ndinapemphera motchula dzina la mayiwo. Sindinganene kuti zonse zakonzeka, pakuti sanalonjeze kubwera Lamlungu ndipo maganizo osiya sukulu sanawataye. Wavomera kuti ndimulumikize ndi Mayi Nachisale, ngati amayi mungalole, chifukwa nkhani yakeyi ikufunika munthu wamkulu amene adzakhalepobe mu Zomba ine nditachoka.

Za mpando, ndawerenga malamulo a gulu lathu ndipo akulola kuti komiti iitanitse chisankho nthawi ina iliyonse m'semesita yomaliza. Ndidzapempha komiti Lachisanu kuti chisankho chichitike pakutha pa masabata atatu, kuti miyezi yotsalayo ndidzakhale membala wamba wokhala kumbuyo, wopezeka Lachitatu ndi Lamlungu, ndi wokonzeka kuyankha atsopano akafunsa. Ndidzapemphanso kuti msonkhano waukulu uja usanduke tsiku limodzi la mapemphero ndi chakudya chophika tokha, ndipo ndikuvomera kuti ine ndi amene ndinaukakamira kwambiri. Achimwene a Yamikani, foni ya Loweruka ndiilandira, ndipo pofika Loweruka lino mutu wachitatu wa kafukufuku udzakhala utalembedwa.

Mayi Nachisale

Ndalola ndi mtima wonse. Ubwere naye kunyumba ku Matawale Lamlungu masana mukatuluka ku mapemphero, ndipo ngati iye sadzapita ku mapempheroko, ukamutenge kumene amagona. Umuuze kuti asadye kwina, nsima adzadyera kuno.

Limbani

Ndakonza kale kalata yosinthira osayinira ku banki, yangotsala maina a amene adzasankhidwe. Lachisanu ndibweretsa buku la ndalama, malisiti onse ndi mndandanda wa katundu wa gulu, ndipo ndikupempha mlongo Tiyamike kuti adzafike ola limodzi msonkhano usanayambe kuti tidzawerenge limodzi zokuzira mawu, zingwe ndi mipando. Kiyi wachiwiri wa chipinda chosungiramo katundu ali ndi ine, ndipo ndidzamupereka tsiku lomwelo.